Gemu ya Kangolo Imene Tinkasewera ndi Yotamu

Mwaseka mokwanira? Iwe Dalitso, pukuta misozi, ungatsamwe ndi chimanga chootchacho. Ndakumvani muli pakhondepo mukunong'onezana kuti gemu ya agogo ndi yoipa, anthu ake ngati nyerere zothyoka miyendo, nyimbo yake ngati nkhululu yodwala chimfine. Sindikukana. Poyerekeza ndi zanu za m'mafonizo, zimene munthu akawomberedwa magazi amaoneka ngati enieni, yangayi ndi yoseketsadi. Koma sendererani kuno ndikuuzeni kumene inachokera. Mapalo, iwe khala pafupi ndi ine, makutu ako amakonda kuyendayenda.

Ine ndinabwera mu Lusaka muno ndili mnyamata, kuchokera kwathu ku Katete. Basi yake inali ija yonyamula nkhuku ndi njinga padenga, ndipo tinafika tonse tili ofiira ndi fumbi ngati tatuluka m'dzenje la nyerere. Chelstone yino mukuionayi, kuseri kwake kunali tchire, anthu ankasakako mbewa. Chinyanja chanu cha m'tauni ichi cha "bwela" ndi "manje" ndinachipeza chilipo kale, koma lilime langa linakana kupindika. Mpaka lero mumandiseka kuti ndimayankhula ngati m'busa wa kumudzi. Sekani, zilibe kanthu.

Ntchito imene ndinaphunzira inali yokonza makina otayipira. Inu simunawaonepo. Chinali chitsulo cholemera, chokhala ndi mabatani ngati a pa laputopu ya msuweni wanu Tiyayi, koma ukadina batani kamkono kachitsulo kankanyamuka n'kumenya pepala, tha! Ukafika kumapeto kwa mzere kabelu kankalira. Ukalakwitsa chilembo panalibe zofufuta ndi chala, unkapaka kamankhwala koyera n'kumauzira ndi pakamwa kuti kaume. Ndinkayenda ndi kachikwama kachikopa, m'kati muli burashi, kabotolo ka sipiriti, mafuta a makina osokera ndi maliboni a inki. Msewu wa Cairo ndinkauyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira, kukwera masitepe a maofesi a makampani a boma. Ndikangolowa, amayi otayipa aja ankakuwa, "Ba Mbewe babwela! Ba Mbewe, chilembo changa chamata!" Ena ankandisungira zitumbuwa m'dirowa. Zinali zaka za chipani chimodzi, za mizere ya ufa ndi sopo. Agogo anu aakazi, Nabanda, ankaima pamzere osadziwa n'komwe chimene chikugulitsidwa kutsogolo, bola mzere. Koma ine ntchito ndinali nayo, ndipo nyumba yathu ya ku Kabwata inkayenda.

M'nyumba imeneyo ndi mmene anakulira ana athu awiri: amayi anu Esinala, ndi mkulu wawo Yotamu, amalume anu, bambo ake a Tiya. Inu munabadwa iye atapita kale. Chithunzi chili pakhomapo sichimuonetsa bwino, anavala nkhope ya ku tchalitchi. Iye anali munthu wa nthabwala, wamtali, wa zala zazitali ngati za woimba gitala. Ali mwana ankandimasulira makina a anthu ndikatembenuka, kenako n'kubweza zonse, kutsala kasipuling'i kamodzi m'thumba mwake.

Zipani zambiri zitabwera, tinavina m'misewu, inenso ndinavina. Masitolo anadzaza, mizere inatha, salaula, zovala zakaunjika zija, inasefukira m'misika mpaka munthu wosauka kuvala jekete ya mzungu. Timabasi tating'ono tinabadwa ngati inswa. Koma makampani aja anayamba kugulitsidwa, ena kutsekedwa, ndipo amene anatsala anagula makompyuta. Makina anga otayipira ndinkawapeza ataunjikidwa pansi pa masitepe. Amayi a zitumbuwa aja ena anachotsedwa ntchito, ndinakumana ndi mmodzi akugulitsa tomato ku Kamwala, tinangopatsana moni osafunsana zambiri. Ndinabwerera pakhonde la ku Kabwata n'kumakonza nsimbi, mawailesi ndi makina osokera a azimayi.

Nanga amene ankayendetsa makompyuta odya ntchito yangawo anali ndani? Yotamu wanga yemweyo. Anaphunzira zimenezo ku koleji, n'kupeza ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi m'tauni. Ankabwera Lamlungu n'kumandiseka. "Atate, makina yanu yaja tiyapeleke ku myuziyamu, na imwe pamozi mukazikamba na alendo." Ine ndinkamuyankha kuti makina ake alibe ulemu, magetsi akazima amaiwala zonse. Anakwatira mtsikana wa Chibemba wochokera ku Luapula, ndiye amake Tiya amene akutisunga panowa, ndipo anapeza kanyumba ka lendi ku Libala. Kampani yake itagula makina atsopano, anamupatsa kompyuta yakale, chibokosi chotuwa chokhala ndi galasi lotupa kumbuyo ngati wailesi yakanema yakale. Magemu ankabwera pa madisiketi, timbale tapulasitiki tamakona anayi tokwana m'thumba la malaya. Anyamata a m'maofesi ankakoperana, uyu kupatsa uyu, osadziwa kuti woyamba anaitenga kuti.

Tiya ali wakhanda, Yotamu anayamba kutsokomola. Kenako kuonda. Lamba anabooledwa mabowo atsopano ndi msomali wanga. Anali matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina, tinkangoti wadwala nthawi yaitali. Mankhwala amene akupulumutsa anthu lerowa anali asanafike kwa anthu ngati ife. Ana inu, zaka zimenezo Loweruka lililonse linali la maliro. Magalimoto ankatsatizana kupita kumanda ngati ndi msika. Anzake a Yotamu amene anaima naye pa ukwati, ndi ochepa amene anaona imvi.

Ntchito itamukanika, lendi inakanikanso, ndipo tinawauza kuti abwere ku Kabwata. Libala ndi Kabwata ndi pafupi. Katundu wina anabwera pa galimoto ya mnzathu wa ku tchalitchi, koma kompyuta anakana kuti ikwere m'menemo, akuti mabampu aipha. Ndinaikankha ine pa wilibala, itakulungidwa m'bulangete, iye akubwera pambuyo pang'onopang'ono atagwira phewa la mkazi wake. Anthu m'njira ankayang'ana bulangete lija, n'kuyang'ana iye, n'kuyang'ana kumbali.

Tsono mvetsani. Amuna a msinkhu wanga sanaphunzitsidwe kukhala pambali pa mwana wodwala. Imeneyo inali ntchito ya amayi. Nabanda ankamuphikira phala, amake Tiya ankamusambitsa, azimayi a chigwirizano ankabwera kudzaimba. Ine m'mawa ndinkaima pakhomo la chipinda n'kufunsa, "Wadzuka bwanji?" Iye, "Bwino, atate." Ndiye ndapita ku nsimbi zanga. Mawu ndinali nawo ambiri, koma poyambira sindinkapadziwa. Bambo anga nawonso sanakhalepo nane pansi n'kucheza, ndiye ndikanaonera kwa yani?

Tsiku lina masana, nyengo yozizira, ndinamva akuitana.

"Atate, bwelani munithandize."

Ndinathamanga, kuganiza kuti wagwa. Ndinamupeza atakhala pa mpando, atafunda bulangete, kompyuta ikung'ung'udza.

"Gemu iyi ifuna bantu babili," anatero. "Amake Tiya ali na mwana. Nkhalani apa."

"Ine zoseweretsa za ana?"

"Si imwe katswiri wa mabatani? Tiyeni tione."

Ndinakhala, kumanja kwake. Mwaiona nokha gemuyo: kangolo ka pa njanji, timaanthu tiwiri tikupopa chogwirira, wina akakweza wina akutsitsa. Wokhala kumanja ntchito yake ndi kudina mabatani awiri mosinthana kuti kangolo kathamange. Wokhala kumanzere ndiye amasankha njanji pa mphambano, amaweramitsa timaanthuto pa mphanga, amadumphitsa kangolo pa miyala. Yotamu analoza kamunthu kovala chipewa. "Aba ndimwe, atate. Onani na kamimba."

Tsiku loyamba tinagunda mbuzi, tinagunda mwala, tinagwera m'dambo. Zala zanga zinazolowera zitsulo zolimba, ndinkamenya mabataniwo ngati ndikukhoma misomali. Iye anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, Nabanda n'kulowa ndi chikho cha madzi akundikalipira kuti ndimupha mwana. Koma mawa lake, dzuwa litapendeka, ndinapezeka ndatseka kachikwama kanga ndekha n'kukagogoda.

Tinasewera nyengo yonse yozizira, mphepo ya fumbi ija inabwera n'kupita, mitengo ya m'misewu inachita maluwa ofiirira, kutentha kunafika. Ndipo ndinapeza chinthu chimene sindinkachidziwa: munthu ukamayang'ana pa galasi, osati pa nkhope ya mnzako, pakamwa pamamasuka. Mapewa athu ankagundana. Ndinkamva fupa lake kupyola malaya. Tinkayankhula maso ali kutsogolo. Ndinamuuza za bambo anga, za mmene ndinafunsirira amayi ake pa chitsime n'kukanidwa koyamba. Iye anandiuza za kasipuling'i kaja, kuti anali nato tambiri m'chitini kuseri kwa chimbudzi. Anandiuza kuti akuopa. Anangonena choncho, kangolo kakuthamanga, "Atate, niyopa," ine n'kuyankha, "Inenso," zala zikudinabe.

Tsiku lina tikudutsa m'mphanga ya mu gemumo anati, "Nikapita, ba kumunzi bazabwela kutenga katundu. Musabalole. Amake Tiya basachoke na chitenje chabe. Na Tiya aphunzile."

"Ndamva," ndinatero.

"Mwamvela zoona?"

"Weramitsa mutu, tigunda denga."

Anaweramitsa. Nkhaniyo sitinaibwerezenso.

Panali malo amodzi amene ankatikanika. Ukadutsa phiri, njanji imatsetsereka kufika pa mlatho wothyoka pakati, pansi pali mtsinje. Pamenepo wa kumanja athamangitse kangolo ndi mphamvu zonse, wa kumanzere adumphitse pa nthawi yake. Ife tinkagwa. Tsiku lililonse tinkagwa. Timaanthu tija tinkagwera m'madzi, chipewa changa n'kumayandama, kanyimbo kachisoni n'kulira, gemu n'kubwerera pachiyambi. Yotamu ankati, "Aa, nachedwa futi. Tiyambilenso." Ine ndinkaona mmene zala zake zinkanjenjemerera, mtima n'kuwawa, ndiye ndinkanama kuti, "Ayi, ndine, liwiro linachepa." Tinkalimbirana mlanduwo ngati ndi nyama.

Mvula yoyamba itagwa sanathenso kukhala pa mpando. Tinapita naye ku chipatala chachikulu, ndipo sanabwereko. Tinamuika mvula ikugwa, dothi likumata ku mafosholo.

Abale anabweradi kuchokera ku Katete, mlamu wanga atabwera ndi zingwe zomangira katundu zokonzeratu. Atayamba kuloza bedi ndi mbaula, ndinaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti chotuluka m'nyumba muno ndi iwo okha. Anakwiya, ena sanandiyankhulenso mpaka imfa yawo. Zilibe kanthu. Tiya anaphunzira, mukumuona nokha akupita ku ntchito ku Woodlands ndi kachikwama kake.

Kompyuta ija Nabanda anaifunditsa chitenje. Ndinaiyatsa kamodzi ndili ndekha. Ndinadina mabatani anga, kangolo kanathamanga, koma pa mphambano yoyamba panalibe wosankha njanji, tinagunda khoma. Ndinazimitsa. Patapita zaka mphezi inagwa pafupi, chibokosicho sichinayakenso, ndipo chinathera kwa anyamata ogula zitsulo. Ndinasunga madisiketi okha m'chitini cha mabisiketi. Nabanda atamwalira, amake Tiya anabwera kudzanditenga. Anati, "Ba tata, simuzankhala mweka." Mkazi amene akanatha kukwatiwanso n'kutiiwala. Ndi mmene ndinafikira kuno ku Chelstone, ine, kachikwama kachikopa ndi chitini.

Chitinicho anachipeza Tiya akusesa pansi pa bedi langa. Anali atakula kale, bambo ake sakuwakumbuka ngakhale mawu. Anandifunsa kuti timbale iti n'tachiyani, ndipo ndinamuuza zimene ndakuuzanizi. Loweruka lotsatira anandiveka jekete, tinakwera basi kupita m'tauni. Tinayenda mashopu okonza makompyuta, ambiri anyamata ake sankadziwa n'komwe kuti disiketi imalowa pati. Pomaliza tinapeza bambo wina wa imvi kuseri kwa msika, amene anali ndi kamakina kowerengera. Analowetsa imodzi, inangolira kwe, kwe. Analowetsa ina. Kenako anatsegula kachitseko ka pa mbaleyo n'kundionetsa chuku choyera m'kati.

"Ba shikulu, ivi vinafa kudala. Mvula ya mu Lusaka inavidya."

Ngakhale dzina la gemu limene Yotamu analemba pamwamba linali litafufutika. Ine sindinaliloweze, linali la Chingerezi, ndipo ife tinkangoti kangolo. Pobwerera m'basi ndinakumbatira chitini chija ngati ndikuchokeranso kumanda.

Koma Tiya ali ndi khama la bambo ake. Anandifotokozera kuti pa intaneti pali nkhokwe, zimene anthu a m'maiko osiyanasiyana amasungamo magemu akale. Makampani amene anawapanga ambiri anafa, eni ake sakudziwika, m'sitolo simungawapeze, makina ake anatha. Ndiye anthuwa, mwa kufuna kwawo, amafufuza m'magalaja ndi m'madenga, akapeza disiketi yamoyo amaikopera n'kuiika m'nkhokwemo kuti aliyense asewere, ndipo anapanganso njira yoti kompyuta yatsopano izidzinamiza kuti ndi yakale. Ndinati, "Ndiye kuti ndi magemu amasiye." Iye anati, "Ee, agogo, monga ine," n'kuseka, koma ine sindinaseke.

Vuto linali dzina. M'nkhokwemo magemu ndi ochuluka ngati mchenga. Anandikhazika pansi n'kundifunsa ngati wapolisi: ngolo inali ya mtundu wanji, mbuzi inkachokera mbali iti, chipewa chinali chotani. Anajambula zimene ndinanena, n'kuika pa bwalo lina la pa intaneti pamene anthu okonda zinthu zakalezi amafunsana. Ena anayankha ndi magemu ena a sitima, ndikayang'ana n'kupukusa mutu. Miyezi inadutsa. Ndinamuuza kuti asiye, ndalama za intaneti zikungopita. Kenako munthu wina wa ku dziko lozizira, amene sitidzamuona, analemba kuti anali nayo ali mwana, ndipo disiketi yake ikadali m'bokosi kwa amayi ake. Anapita kukaitenga, inawerengeka, anaiika m'nkhokwe. Ndimamuganizira munthu ameneyo. Chimene ine ndinalephera kusunga m'chitini pansi pa bedi, anandisungira mlendo kutsidya kwa nyanja, osadziwa kuti akusungira ndani.

Linali Loweruka masana pamene Tiya anaika laputopu pa tebulo ili. "Agogo, nkhalani apa." Anadina. Kanyimbo kaja, kamene mukuti nkhululu yachimfine, kanalira. Ndinamva fungo la chipinda cha ku Kabwata, la mankhwala opaka pachifuwa ndi bulangete. Tiya anakhala kumanzere osauzidwa. Zala zake n'zazitali, mwazionapo.

Tinagunda mbuzi, tinagwera m'dambo, koma iye amaphunzira msanga. Dzuwa lisanapendeke tinadutsa mphanga, tinadutsa phiri, njanji inayamba kutsetsereka. Ndinati, "Apa ndiye pamene pamatikanika. Usadandaule tikagwa." Ndinadina ndi mphamvu zonse za zala zokalambazi. Kangolo kananyamuka, kanauluka, kanatera tsidya lina.

Ndinasiya mabatani.

"Agogo, pitilizani!" anakuwa Tiya. Kenako anandiyang'ana. "Koma apa sipovuta iyayi. Kali kanyali pambali pa mlatho. Kakayaka, udina chabe. Kumphanga kuja ndiye kovuta."

"Bambo ako ankachedwa," ndinatero. "Zala zinkanjenjemera."

"Benze kukwanisa kumphanga na zala zamene izo?"

Pamenepo ndinaona kuti amake Tiya aima pakhomo la kukhitchini, beseni la ndiwo za chibwabwa lili m'manja. Kaya anaima nthawi yaitali bwanji. Misozi inali ikutsika, osapukuta.

"Ba tata," anatero, "mlatho uja tenze kuwoloka na ba Yota tikali ku Libala. Kambili. Na ine wamene nenze kukwanisa."

"Nanga ndi ine ankagweranji?"

"Benze kugwa dala. Ninabafunsa siku ina. Banakamba ati, tikawoloka gemu izasila, atate bazanyamuka kubwelela ku nsimbi zao. Banati nisakuuzeni."

Ana inu, ndinalira pamaso pa mpongozi wanga ndi mdzukulu wanga, kulira kumene sindinalire ku manda. Zaka zonsezi ndinkamumvera chisoni kuti anapita osaona tsidya lina. Chonsecho iye ankalidziwa bwino, ndipo tsiku ndi tsiku, ndi mphamvu zochepa zimene anatsala nazo, ankatigwetsera m'madzi kuti bambo ake akhale pambali pake mpaka dzuwa lilowe.

Tsidya linalo kulibe zambiri, gemu imathera komweko. Njanji imayenda pang'ono m'munda wa maluwa n'kufika pa kasiteshoni. Timaanthu tija timatsika, timakhala pa benchi, tating'ono kwambiri, miyendo ikulendewera. Kenako pamabwera mawu a Chingerezi othokoza, ndi maina a amene anaipanga. Ndinamuuza Tiya kuti asadine kanthu. Amake Tiya anaika beseni pansi, anabwera n'kukhala pa mkono wa mpando wanga. Mwambo wathu mukuudziwa, mpongozi sakhala pafupi choncho, ndipo m'zaka zonsezi anali asanachitepo. Tinakhala atatu tikuyang'ana anthu awiri a pa benchi aja mpaka batire inatha.

Tsopano Tiya wakopera gemuyo m'malo angapo, akuti nkhokwe nazonso zimatha kutsekedwa, ndipo wawatumizira amayi anu kuti nanunso mukhale nayo. Loweruka akakhala kuti sanapite ku ntchito timasewera. Tikadutsa phiri, njanji ikayamba kutsetsereka, amandiyang'ana n'kufunsa, "Agogo, tiwoloke olo tigwe?"

Masiku ambiri ndimati tigwe.

Zanga ndi zomwezo. Dalitso, tola zitsononkho zako pansipo, azakhali ako amake Tiya angoyamba kumene kukolopa.